Mlandu Umene Tinakadyera Keke kwa a Kesila

Ndikukumbukira nyumba imene tinkakhala ku Takoma Park, nyumba yakale ya matabwa imene inkalira paliponse pamene munthu waponda. Ife a banja la a Chisale tinkakhala pansi, ndipo pamwamba pathu pankakhala mkulu wina wa ku Jeremani dzina lake a Kessler, amene amayi ankawatchula kuti a Kesila mpaka tonse tinazolowera choncho. Kunali kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Bambo ankagwira ntchito ku ofesi ya kazembe wa dziko lathu, ndipo m'mawa uliwonse ankayenda wapansi kukakwera sitima ya Metro imene inali itangoyamba kumene kufika kudera lathu. Ine, Esinati, ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo pa Pasaka wa chaka chimenecho ndinayenera kuima pamaso pa mpingo, kuvomereza chikhulupiriro changa, ndi kudya Mgonero wa Ambuye koyamba.

Asanalowe ntchito ya boma, bambo anali mphunzitsi wa masamu ku sekondale ina kwathu, ndipo uphunzitsiwo sunawatuluke m'thupi. Kwa iwo Mulungu anali woona monga yankho la samu yowerengedwa bwino: ukatsata njira yake osalumpha mzere, ufika basi. Tchalitchi chimene tinkapempherako chinali cha Achimereka, ndipo kalasi yake inawakhumudwitsa. Abusa ankatikhazika pa kapeti, kutipatsa mabisiketi, n'kumatifunsa mmene tikumvera mumtima. Bambo atamva zimenezi anavula magalasi n'kuwapukuta kwa nthawi yaitali. Kwathu, anatero, munthu amakhalitsa m'kalasi, ndipo salawa Mgonero akulu a mpingo asanamuyese ndi mafunso. Motero anakonza zawozawo. Loweruka lililonse m'mawa ankandiphunzitsa okha pa tebulo lodyera, ndipo anapangana ndi mnzawo a Tembo, mkulu wa mpingo wochokera ku Lusaka amene ankagwira ntchito ku banki ina yaikulu mumzindamo, kuti Pasaka akayandikira adzandiyese awiriwo pabalaza pathu.

Phunziro limene bambo ankalikonda koposa linali la wotchi. Ankaivula pamkono, kuitsegula kumbuyo ndi nsonga ya kampeni, n'kundiuza kuti ndiweramire. Ndimamvabe kafungo ka mafuta a makina kosakanikirana ndi ka polishi amene amayi ankapaka pa tebulo. M'katimo munali timagudumu ting'onoting'ono, kena kothamanga, kena kokhala ngati kaima, tonse tolumana mano. Bambo ankafunsa ngati timagudumuto tinangokumana tokha panjira n'kugwirizana zoti tiziwerenga nthawi. Ndinkayankha kuti ayi. Ankafunsa ngati dzuwa, mvula ndi diso la munthu zili zophweka kuposa wotchi. Ndinkayankhanso kuti ayi. Akatero ankatseka wotchiyo, ili thwa, nkhope yawo ili ngati ya munthu amene wakhoma chitseko cha nyumba yake n'kudziwa kuti wakuba salowa.

Wakuba analowa ndithu, ndipo anali mnzanga wa kusukulu, Linda, mtsikana wa madontho kumaso amene tinkadyera limodzi masana. Tsiku lina ndinamufotokozera za wotchi ndi kunyada konse kwa mwana wa mphunzitsi. Anamvetsera akutafuna, kenaka anandifunsa kuti nanga wopanga wotchiyo anamupanga ndani. Funso limenelo yankho lake ndinali nalo, poti bambo anali atandikonzekeretsa. Koma anawonjezera lina. Anali ndi mchimwene wake amene anabadwa wosayenda ndi wosalankhula, ndipo anafuna kudziwa ngati nayenso anali wotchi ya mmisiri yemweyo. Sanafunse monyoza. Anafunsa ngati munthu amene wakhala akufuna wina woti amufunse.

Ndinapita nalo funsolo kwa bambo, ndipo anandiyankha bwino, mzere ndi mzere. Koma yankho lililonse linkabereka funso lina, monga udzu umene ukauzula umasiya mizu. Katekisimu yense ndinali nditamuloweza, ndipo pakamwa panga mayankho ankatuluka osapunthwa, koma ndikagwada kupemphera ndinkangomva kulira kwa mipope ya madzi otentha m'khoma. Apa ndi pamene mantha anandigwira. Ndinali nditawerenga chenjezo la mtumwi kwa anthu odya mkate wa Ambuye mosayenera, ndipo nkhani ya Hananiya ndi Safira ndinkaidziwa bwino kwambiri. Ndinkadziona nditaima kutsogolo kwa tchalitchi, nditavala diresi yoyera imene amayi anali atayamba kale kusoka, ndikunena kuti ndikhulupirira, kenaka anyamata akulowa kudzandinyamula. Lero ndikhoza kuseka, koma panthawiyo sizinali zoseketsa.

Tsono ndinene za a Kesila. Anali munthu wamtali wowerama pang'ono, wa tsitsi loyera ndi manja akuluakulu, ndipo mkazi wawo anali atamwalira ife tisanabwere. Kutchalitchi sankapita. Koma Lamulungu lililonse masana ankavala chijasi chobiriwira ndi chipewa, kutenga ndodo, n'kulowera kunkhalango ya m'mbali mwa kamtsinje ka Sligo. Pobwerako ankakhala ndi masamba m'manja, nthawi zina khungwa la mtengo kapena kanthambi. Amayi ankawaonera pawindo la kukhitchini. Munthu wopanda mkazi, wosapemphera, wopita kuthengo yekha popanda nkhwangwa kapena khasu, wobwerako ndi zitsamba: kwa amayi nkhaniyo inali yachidziwikire. A Kesila anali sing'anga. Bambo ankawatsutsa kuti Majeremani amapanga magalimoto, sakumba mizu, koma amayi ankangoti mtundu uliwonse uli nawo akeake.

Ngakhale zinali choncho, m'nyengo yozizira a Kesila atadwala chifuwa, amayi sanalole kuti munthu azitsokomola yekha pamwamba pa mitu yathu. Ankaphika msuzi wa nkhuku n'kunditumiza nawo, atandilangiza kuti ndisalandire chilichonse chowawa. M'chipinda chawo munali mabuku mpaka kudenga, ndipo munkanunkhira fodya wa kaliwo ndi maapulo. Masamba aja ndinawapeza atapanikizidwa pakati pa mabuku, ouma, opyapyala ngati pepala. Ndinalimba mtima n'kufunsa kuti amachiza matenda anji. Anaseka mpaka chifuwa chinawabwerera. Anandiuza kuti asanapume ntchito ankaphunzitsa chilankhulo ndi maganizo a anthu akwawo ku koleji ina, ndipo kuti kwawo kuyenda m'nkhalango Lamulungu masana ndi mwambo wa aliyense, ngakhale abusa. Atachira anapempha kuti ndiziwaperekeza. Amayi anavomera, ndipo ndikukhulupirira kuti anavomera pofuna kuti ndikaone ndi maso anga zimene zimachitika kumeneko.

Kumeneko sikunkachitika kanthu. Tinkayenda pang'onopang'ono m'kanjira ka matope, mitengo ili mbulanda, madzi akuyenda pansi pa madzi oundana m'mphepete. A Kesila ankaima, kuika chikhatho pa thunthu la mtengo, n'kukhala chete nthawi yaitali mpaka zala za kumapazi kwanga zinkachita dzanzi. Tsiku lina, masamba atayamba kutupa pa nthambi, ndinawafunsa ngati munthu angathe kutsimikiza ndi nzeru kuti Mulungu alipo. Anayenda kaye pang'ono asanayankhe. Kenaka anati anthu anzeru kwambiri a kwawo anayesa, ndipo iwo sanaonepo amene anakwanitsa. Komanso sanaonepo amene anakwanitsa kutsimikiza kuti kulibe. Anangonena zokhazo. Theka lachiwiri la yankho lawo ndinalisiya kumtsinje konko, ndipo theka loyamba ndinalinyamula ngati mwala.

Loweruka lotsatira, bambo atangotseka wotchi, ndinawauza kuti sindingathe kuima pamaso pa mpingo. Ndinanena m'Chingerezi, pakuti zinthu zovuta zinkandipepukira m'chilankhulo chimenecho. Bambo anati ndinene m'Chichewa. Ndinayesa, ndipo mawuwo analemera kawiri.

"Sindikudziwa ngati ndimakhulupirira, bambo. Ndikuopa kunamiza Mulungu."

Ndinawonjezera, poti ndinali mwana ndipo ndinkafuna wondiimira kumbuyo, kuti ngakhale a Kesila ananena kuti palibe munthu amene anatsimikizapo zimenezi. Amayi, amene anali pakhomo la kukhitchini ndi nsalu yoyera ija paphewa, anangoyang'ana kudenga, kumene mapazi a a Kesila ankamveka, n'kuyang'ana bambo. Mabanja akwathu a ku Rockville ndi ku Landover anali ataitanidwa kale kuphwando la pa Pasaka. Tinali Amalawi ochepa kuno masiku amenewo, ndipo zochitika m'nyumba imodzi zinkadziwika m'nyumba zonse sabata isanathe.

Bambo anaona kuti umenewu ndi mlandu: munthu wamkulu wasokoneza mwana wa mwini. Ndipo mlandu, kwathu, munthu sapita nawo yekha, komanso sangotulukira pakhomo pa mnzake ngati mphepo. Anaimbira foni a Tembo kuti akakhale mboni, n'kutumiza amayi kukanena mwaulemu kuti abambo awiri adzakwera kudzawaona a Kesila Lamulungu madzulo. Munthu wakwathu akanamva uthenga wotero akanagona atatsegula diso limodzi. A Kesila anamva kuti anansi awo, amene ankangopatsana nawo moni pamasitepe, tsopano akubwera kudzacheza. Ndipo kwawo, Lamulungu madzulo ndi nthawi ya khofi ndi keke.

Tinakwera masitepe, bambo patsogolo atavala suti yakuda, a Tembo pambuyo pawo, ine woimbidwa mlandu ndili kumapeto. Chitseko chitatseguka tinalandiridwa ndi fungo la maapulo ophika ndi sinamoni. Pa tebulo panali nsalu yopeta imene inali ya malemu akazi awo, makapu opyapyala a mizere yagolide, ndi keke yaikulu imene anali ataiphika okha. A Kesila anali atavala tayi. Anagwira dzanja la bambo ndi manja awo onse awiri, nanena kuti tsiku limeneli analiyembekezera kuyambira pamene tinasamukira m'nyumbamo.

Munthu sungakane chakudya cha mwini nyumba, ndipo sungamuloze chala pakamwa pako muli keke yake. Tinakhala pansi. Tinapatsana moni wautali, wofunsa za thupi, za chifuwa chija, za kuzizira. A Tembo anadya chidutswa choyamba ndi nkhope ya mboni, koma chachiwiri anachidya ndi nkhope ya mlendo. Atapukuta pakamwa anaweramira kwa bambo n'kunong'ona m'Chinyanja chawo cha ku Lusaka.

"Manje ba Chisale, nkhani yamene tabwelela tizaiyamba liti? Ine nikadyako kachitatu, nizakhala mboni ya uyu mudala."

Bambo sanaseke, koma ndinaona kuti anavutika kuti asaseke. Anayamba monga timayambira kwathu, kuzungulira kutali. Anafunsa a Kesila za kwawo ndi za makolo awo. A Kesila anati bambo awo anali mbusa m'tauni ina yaing'ono, ndipo iwo anakulira m'nyumba ya pafupi ndi tchalitchi, akudzutsidwa ndi belu. Apo bambo anakhala tsonga. Kenaka anavula wotchi, kuitsegula ndi kampeni, n'kuiika pakati pa makapu. Sanatchule dzina langa. Anangofunsa ngati mwana wa mbusa angayang'ane m'menemo n'kunena kuti palibe umboni.

A Kesila anaiyang'ana wotchiyo ngati munthu amene wakumana ndi mnzake wakalekale pamsika. Zonse analankhula m'Chingerezi chawo cholemera, ndipo ndizinena monga ndinazimvera. Anati zaka mazana awiri zapitazo anthu ophunzira a kwawo ankaganiza ndendende ngati bambo. Nzeru ankaiyesa nyali yokwanira kuunikira chilichonse, ndipo ankafuna kutsimikiza za Mulungu ndi za moyo wosatha monga amatsimikizira masamu. Ena anafika mpaka pochotsa zozizwitsa m'Baibulo chifukwa nyali yawo sinkaziona. Kenaka kunadzuka mphunzitsi wina m'mzinda wozizira wa kunyanja ya kumpoto, amene anati tisanayeze kumwamba tiyambe tayeza chingwe chathu choyezeracho. Anapeza kuti chingwe cha nzeru chimafika pa zinthu zimene maso ndi manja angakumane nazo, koma kupitirira apo n'chachifupi: sichingamukoke Mulungu kumutsitsa pa tebulo, komanso sichingamuchotse kumwamba. Chimene anasiya chili chilili ndi liwu lija la m'kati limene limamuuza munthu kuti chita chabwino ngakhale chikupweteke.

M'mzinda womwewo, anapitiriza, munali kalaliki wina wokonda Baibulo amene ankati nzeru isadzitame, pakuti nayonso inayamwa: munthu amaganiza ndi mawu amene anawamva kwa amayi ake. Ndipo pambuyo pawo panabwera achinyamata, alakatuli ndi mlaliki mmodzi, amene anatopa ndi Mulungu wa pa bolodi. Iwo anati chipembedzo sichiyambira pa kudziwa, kapena pa kuchita, koma pa kumva m'kati mwako kuti sunadzipange wekha, sudzigwira wekha, wapachikika kwathunthu pa Wina. Amenewa ndiwo anakonda nkhalango ndi mapiri, nayesa kumvetsera Mulungu m'menemo. "Ndodo yangayi," anatero akumwetulira, "ndinaitengera kwa iwo."

Bambo anamvetsera zonse osadula mawu. A Kesila atatha, bambo anati za chingwe chachifupi akazilingalira, koma za mtimazo sangazilandire. Mneneri anatichenjeza kale kuti mtima wa munthu ndi wonyenga, ndipo Aisraeli pamene ankavina mozungulira mwanawang'ombe wagolide nawonso ankamva kukoma m'kati. Munthu wotsata zimene akumva, anatero bambo, angagwadire chilichonse.

Ndinayembekezera kuti a Kesila atsutsa. Koma anaika kapu pansi. Anati bambo anena zoona, ndipo iwo anaziona ndi maso. Ali mnyamata anaona makamu a anthu akwawo, ophunzira ndi osaphunzira, akuimba usiku ndi miuni m'manja, misozi ili m'masaya, mitima itatentha chifukwa cha munthu woipa, ndipo onse akuti akumva chinthu chopatulika. Iwonso anaimbako. Nkhondo itatha sanathenso kukhulupirira mtima wawo, ndipo nzeru inali itawauza kale kuti siingawafikitse. Kuyambira pamenepo sanayandikirenso gome la Ambuye.

"Ndimakhala pakati pa ziwirizi," anatero, "ndipo pakati pamazizira. Mwana wanuyu sindinafune kumukokera kumene ndili. Koma ndikufunseni, bambo Chisale, poti inu muli ndi chimene ine ndilibe. Kodi ndi wotchi imeneyi inakufikitsani kwa Mulungu?"

M'chipindamo munangomveka wotchi ija, ili chitsegukire pa nsalu yopeta. Bambo anali munthu wonyadira Chingerezi chake, koma tsiku limenelo chinawathawa. Anayamba kulankhula m'Chichewa, akuyang'ana pa tebulo. A Tembo anandikodola ndi mutu, nati chapansipansi, "Masulira, mwana." Motero ine, amene ndinakwera masitepe aja ngati woimbidwa mlandu, ndinakhala pakamwa pa bambo anga, ndipo zimene ndinkauza a Kesila ndinkazimva koyamba pamodzi nawo.

Bambo anati ine sindinali woyamba kubadwa. Panali mwana wamwamuna amene anakhala masiku ochepa chabe, namwalira asanatuluke m'chikuta, asanapatsidwe dzina. Mwa mwambo wa kumudzi kwathu mwana wotere amaikidwa ndi amayi okhaokha, mwakachetechete. Amuna sapitako, ndipo maliro ake salira. Bambo anauzidwa kuti apite kuntchito monga mwa masiku onse. Anapita. Anaima pa bolodi ndi choko m'manja, ana akudikira, ndipo sanathe kulemba nambala ngakhale imodzi. Anatuluka, nalowa m'mitengo ya bulugama ya kuseri kwa sukulu, nakumbatira thunthu la mtengo umodzi. Pemphero analibe. Vesi silinabwere. Umboni wonse umene ankaudziwa unali ngati ndiwo zoikidwa pamaso pa munthu wodwala malungo. Koma ali chiimire pamenepo anadziwa, mosauzidwa ndi munthu, kuti wanyamulidwa, monga mwana ali kumbuyo kwa amayi ake amadziwira kuti sagwa ngakhale nkhope yawo sakuiona. Ndipo anadziwa kuti kamwana kaja nakonso kanyamulidwa ndi msana womwewo.

Mawu akuti kumbuyo anandivuta kumasulira, ndipo ndinachita kuonetsa ndi manja mmene amayi amamangira nsalu pachifuwa. A Kesila anagwedeza mutu kuti amva. Patapita kanthawi anafunsa, mofatsa, chifukwa chimene bambo sanandiuzire zimenezi m'malo mwa za wotchi. Bambo anayankhanso m'Chichewa, koma tsopano akuyang'ana ine.

"Zimenezo sizilembeka pa bolodi. Ndinaliopa dziko lino, mwanawe. Ndinafuna ukhale ndi kanthu kogwira m'manja akamakufunsa."

Zimenezo sindinamasulire, ndipo palibe anandiuza kuti ndimasulire. A Tembo anatsokomola, nanena kuti kwa iwo mlandu watha, ndipo ngati mwini nyumba salipira kanthu, angowapatsako chidutswa choti akapatse akazi awo. Tinatsika masitepe bambo atanyamula mbale ya keke yokutidwa ndi pepala. Amayi anaiyang'ana mbaleyo, n'kuyang'ana nkhope ya bambo, ndipo sanafunse kuti mlandu wayenda bwanji.

M'mawa mwake, asanapite kusitima, bambo anandiuza kuti chaka chimenecho sindiima pamaso pa mpingo. Anati Mulungu sathamangitsa munthu, ndipo iwo sangafune kuti mwana wawo alowe pa gome ndi bodza pofuna kupulumutsa nkhope ya bambo ake. Sanasiyire amayi ntchito youza anthu. Anaimba okha foni ku Rockville ndi ku Landover, ndipo aliyense anamuuza mawu omwewo, kuti Esinati adikira. Ndikudziwa kuti zinawapweteka. Panali amayi ena amene anamva chisoni mokweza kwambiri, ndipo ena ananena kuti ndi mmene amathera ana okulira kunja. Pa Pasaka anzanga a m'kalasi anaima kutsogolo, ine ndili pa benchi pakati pa makolo anga. M'tchalitchi chimenecho mbale ya mkate inkayenda m'mabenchi, dzanja ndi dzanja. Inafika kwa ine kuchokera kwa amayi, ndinaigwira, fungo la mkate linandifika, ndipo ndinaipereka kwa bambo osatengapo. Anatenga, nadya, kenaka anaika dzanja lawo pa langa n'kulisiya pomwepo mpaka nyimbo yotsekera.

Maphunziro a Loweruka sanathe, ndipo wotchi inkatsegulidwabe, pakuti bambo sanasiye kukhulupirira kuti mutu nawonso ndi wa Mulungu. Chatsopano chinali chakuti Lamulungu masana tinkapita kumtsinje atatu. Bambo ankayenda ndi nsapato zawo zopolisha, akulumpha matope, akutsutsana ndi a Kesila za chingwe chija mpaka agalu a anthu ankatiyang'ana. Amayi sanasinthe maganizo awo onse. Ankati ngati a Kesila si sing'anga, ndiye awalodza bwanji amuna awo mpaka kumayenda m'thengo popanda chokatenga.

Sindinganene kuti tsiku lakutilakuti kumwamba kunanditsegukira. Sikunagwe moto, ndipo sindinamve liwu. Ndinangoyamba kupemphera monga bambo uja wa mwana wodwala, amene anabwera kwa Yesu ndi chikhulupiriro ndi kusakhulupirira zonse pamodzi, napempha thandizo. Ndinkapempherera mchimwene wa Linda, ndi mchimwene wanga wopanda dzina, ndipo pang'onopang'ono ndinazindikira kuti sindikulankhulanso ndi mipope ya m'khoma. Pasaka wotsatira atayandikira ndinapempha ndekha kuti andiyese. A Tembo anandifunsa za katekisimu ndipo ndinayankha. Bambo anafunsa ngati mafunso anga aja anatha. Ndinati sanathe. Anafunsa kuti nanga ndikudzeranji pa gome.

"Ndili ndi njala, bambo."

Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali, ndipo sanafunsenso kanthu. Diresi ija amayi anachita kuimasula m'munsi, poti ndinali nditatalika. Pa tsiku la Pasakalo a Kesila anabwera, nakhala pa benchi ya kumbuyo kwenikweni, chipewa chili pamaondo. Ndinacheuka pamene mbale inkafika kwa iwo. Anaigwira ndi manja awo akuluakulu aja, naiyang'ana, naipereka kwa woyandikana nawo monga ndinachitira ine chaka chinacho.

Zaka zapita zambiri. A Kesila anamwalira chapakati pa zaka za m'ma 1980, ndipo bambo ndi amayi anagona kwathu ku Malawi. Ine ndinatsala kuno, ndipo ndimakhala ku Rockville. Amalawi tachuluka tsopano, moti mwana akhoza kusiya tchalitchi anthu osadziwa n'komwe. Ana a masiku ano sadikira Loweruka kuti afunse. Amafunsa foni, ndipo imawayankha asanamalize kufunsa, mbali zonse ziwiri, mosatopa ndi mosalira. Mayankho achuluka kuposa kale, koma sindikuona kuti njala yachepa. Chaka chatha mdzukulu wanga wamkazi anandifunsa, m'Chingerezi, funso lomwe lija la Linda. Wotchi ya bambo ili m'kabati mwanga, inaima kalekale, ndipo ndinaganiza zoitulutsa. M'malo mwake ndinamuuza kuti avale jekete, ndipo tinakwera galimoto kupita ku Sligo. Kanjira kaja anakathira phula, anthu amathamangamo ndi zomvera m'makutu, koma mitengo ikadalipo. Tinayenda, ndipo ndinamuuza za mnyamata wopanda dzina ndi za bambo anga atakumbatira bulugama.

A Kesila ndimawakumbukirabe ndikagwira mbale ya mkate. Sindikudziwa ngati anachokapo pakati paja asanatseke maso, ndipo si ine woweruza. Koma ndimadziwa kuti Mbusa amene amasiya khola lodzaza kukafuna nkhosa imodzi sayenda m'misewu yokhayokha. Amalowanso m'nkhalango, Lamulungu masana, kumene munthu wokalamba waima ataika chikhatho pa mtengo, akumvetsera.